Dipi ya kwa a Steward

Lundazi Boma,
Zambia.
9 Januwale, 1997.

Okondedwa achimwene anga a Danwell,

Landirani moni wochokera kuno ku Zambia. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana kumeneko kwa Chulu. Ine moyo ndili nawo, koma za bwino tisanene. Ndikulemba nditakhala pakhonde la wodi ya amuna kuchipatala cha ku boma, kumene ndikudwazika alamu anu a Haswell. Musataye mtima, ali moyo. Nthiti zinathyoka ndipo maso onse awiri anawamanga nsalu, koma akudya, akuyankhula, nthawi zina mpaka kundikalipira. Kalatayi ndapatsira a Justina, mayi wa ku Nkhamenya amene amadzagulitsa usipa pamsika wa Lundazi, ndipo ndawachonderera kuti aipereke m'manja mwanu, osati kwa amayi. Mtima wa amayi mukuudziwa.

Nkhani yonse yagona pa ng'ombe imodzi. Mukukumbukira mmene alamu anu anavutikira m'maesiteti a fodya ku Kasungu, zaka zonse zija akugona m'chigafa, nsapato osagula, kuti adzapeze ng'ombe zapagoli. Tsiku limene tinkanyamuka kubwera kwawo kuno ku Magodi, kutsogolo tiana ta ng'ombe tiwiri, Bantomu ndi Jelasi, ine pambuyo ndi mtolo pamutu, inu munaseka kuti, "Alamu, mwakwatira atatu tsiku limodzi, ndipo mlongo wangayu ndiye wachitatu." Simunaname, achimwene. Munthu uja ng'ombe yake ikatsokomola m'khola amamva ali kudimba.

Jelasi anatisiya dzinja la chaka chatha. Anafa ndi matenda a nkhupakupa aja, kutupa kunsi kwa makutu, thovu m'mphuno, kenako basi. M'mudzi mwathu makola ambiri anangotsala ndowe zokha. Dipi yathu yakale, thanki ija tinkasambitsiramo ng'ombe m'madzi a mankhwala, inang'aluka kalekale, m'kati mwake munamera mpaka mpoza, ndipo palibe amene waikonza. Tinatsala ndi Bantomu yekha. Tinkamuphatikiza pagoli ndi ng'ombe ya a Darius, anzathu oyandikana nawo nyumba, amenenso anatsala ndi imodzi. Mabanja awiri, pulawo imodzi, ngolo imodzi, chakudya chathu chonse chinali pamenepo. Mvula ya dzinja lino itangodontha nkhupakupa zinabweranso, ndipo alamu anu ankaswera m'khola kuzizula ndi zala m'makutu mwa Bantomu, uku akuyankhula naye ngati mwana wodwala.

Tsono pafupi ndi kwathu pali famu yakale ya mzungu wa fodya. Anaigula a Steward, munthu wa konkuno amene anakulira kumigodi, n'kubwerako ndi malole ogulira thonje komanso mimba yotsogola. Kuseri kwa nyumba yawoyo kuli dziwe la simenti losambiramo, iwo amati pulu. Chidzenje chachikulu, achimwene, mbali ina n'chakuya moti mwamuna wamtali atha kumira, mbali ina n'chosaya ndipo kuli timasitepe totulukira. Chinakhala chouma zaka ndi zaka, antchito ankangoyanikamo mtedza. A Steward anati ayi, pofika Khirisimasi chikhale chatsopano, alendo awo a ku Lusaka adzaone kuti ku Magodi kulinso anthu.

Tinakapeza ganyu kumeneko tonse awiri, alamu anu kupala penti yakale ndi zitsulo, ine kututa mchenga pamutu. Dzuwa la mu Okutobala, m'chidzenjemo kutentha ngati m'balani ya fodya. Asidi wotsukira makoma anawasenda manja alamu anu mpaka ankalephera kumanga mabatani a malaya. Ming'alu kuimata simenti, kudikira iume, kukwecha, kumatanso. Kenako kunabwera mmisiri wa ku Chipata ndi zitini za penti yabuluu, yonunkha moti mutu kuwanga. A Steward sankatopa kutiuza mtengo wake. "Muione bwino penti iyi," ankatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Ni ng'ombe zisanu izi, nagulitsa ng'ombe zisanu! Wamene azapondamo na nsapato nizamudula mwendo." Tsiku lina mmodzi mwa amuna awo okweza thonje palole anagwetseramo hamala, analandira khofi loti ngakhale ine ndinalimva kuwawa. Ine ndinkangodziyankhulira chamumtima kuti ng'ombe zisanu kuzipaka pakhoma ife tikulirira imodzi, dziko lino lilibe manyazi.

Pali chinthu chimodzi muyenera kudziwa kuti musatione ngati zitsiru. Amuna a m'mudzi mwathu anali atapitako kale kwa a Steward, zipewa kumanja, kukawapempha kuti athandize simenti yokonzera dipi. Yankho lawo linali lakuti, "Tizaona." Ndiye tonse tinali tcheru kudikira kuti adzaona liti.

Tsiku limene injini inamaliza kupopera madzi m'dziwemo, ine ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa. Madzi mbee, pansi buluu, kukongola ndithu, bodza n'loipa. A Steward anali atamwa pang'ono, botolo kumanja, akuzungulira m'mphepete ngati tambala. Anawagwira paphewa alamu anu.

"Imwe a Haswell, mwasebenza maningi. Pa Sande mubwele muchite dipi. Mahala, osalipila! Mubwele nabo bonse ba kunyumba."

Alamu anu anachita kakasi. "Dipi, adada? Muno?"

"Dipi, ee! Nanga nakonzela chani?"

Achimwene, mwamuna wanga anagwada pasimenti paja n'kuomba m'manja, manja osendeka omwewo. "Yewo chomene, adada, yewo chomene," akuthokoza m'Chitumbuka chawo, misozi ili lengelenge. Mlonda wa pageti, mkulu wina wa imvi amene nayenso ng'ombe zinamuthera, anavula chipewa n'kuthokoza nawo.

Panjira ine ndinafunsa. "Koma bambo a Ennie, dipi ya ng'ombe n'kuipaka buluu?"

"A Nyabanda, anthu olemera amapaka penti ndi chimbudzi chomwe. Simunamve kuti tibwere nawo onse a kunyumba? Kunyumba kwathu wochita dipi ndani, inu kapena Ennie?"

Ndinaseka mpaka kugwira m'nthiti. Nanga ndikanatani? Chibadwire changa mawu oti dipi ndimawadziwira pa ng'ombe basi, inunso ndinu mboni. Amati safunsa anadya phula, koma alamu anu anafunsa, ndipo anayankhidwa.

Tinagulitsa mtedza wambewu umene unatsala. A Darius anagulitsa nkhuku. Mbiri inawanda, mabanja ena anasonkha nawo, ndipo alamu anu anapalasa njinga mpaka ku boma kukagula mabotolo a mankhwala a dipi. Lamulungu m'mawa, m'malo mopita kutchalitchi, tinakusa ng'ombe zonse zimene zinatsala m'mudzimo, zowonda, makutu odzaza nkhupakupa, amayi tikuyimba pambuyo ngati tikupita kuukwati. A Steward anali atapita kukapemphera ku boma ndi banja lawo pamodzi ndi alendo. Mlonda uja anatitsegulira geti la kuseri akumwetulira.

Alamu anu anathira mankhwala m'madzimo mpaka anayera ngati mkaka, botolo limodzi n'kulisiya pambali kuti tidzapakire m'makutu. Anati tichite monga mwa nthawi zonse, ng'ombe zigwere kozama, zisambire, zikatulukire kumasitepe. Yoyamba inakana, amuna anaikankha, chubwi! Inamira mutu wonse n'kuvuuka ikusambira. Tinalulutira. Inde, inenso ndinalulutira, mokweza kuposa onse. Yachiwiri chubwi, yachitatu chubwi, ng'ombe ya a Darius, kenako Bantomu wathu, amene anadumpha yekha osamukankha.

Mavuto anayambira pamasitepe. Kudipi yeniyeni mukudziwa kuti potulukira pamakhala potsetsereka, simenti yake yokakala. Apa timasitepe tating'ono ta mapazi a anthu, penti yatsopano yoterera ngati therere. Ng'ombe yoyamba inaponda, ziboda zinaterereka, inagwa chagada pamwamba pa zinzake. Zam'mbuyo zikubwerabe, zapamtunda amuna akukankhirabe chifukwa sanaone. Mayo ine! Zinapanikizana pakona paja, kulira, kukwerana, nyanga kubayana. Penti ija inkasendeka ngati khungu la mbatata yophika. Ng'ombe ya a Darius inalowetsa mwendo pakati pa sitepe ndi chitsulo chogwirira, ndipo ndinamva fupa likuti tswa ndili patali. Kamwana ka ng'ombe ka amayi ena amasiye kanapondedwa, kanamira, osaonekanso. Amuna analumphiramo ndi zingwe, alamu anu patsogolo. Bantomu yekha ndiye anachenjera, anabwerera kozama n'kumazungulira, mphuno m'mwamba, akufwenthera.

Galimoto ya a Steward inalowa pageti nthawi imeneyo.

Anatsika atavala suti, Baibulo kukhwapa. Anafika m'mphepete mwa dziwe n'kuima. Anayang'ana madzi odzaza ndowe, anayang'ana zikamba za penti zikuyandama, n'kutembenuka kulowa m'nyumba. Alamu anu ali m'madzi mofika pachifuwa anakuwa, "Adada, tabwera ku dipi ija munanena!"

Mayi wina mwa alendo a ku Lusaka, wa chipewa chachikulu, ndiye anayamba kuzindikira. "Ha! Anakuuzani kuti muchite dipi? Imwe mwamvela ya ng'ombe?" Anaphulika kuseka mpaka kutsamira galimoto, anzake nawo n'kuyamba. Kumeneko kwawo, achimwene, ati munthu akafuna kudziviika m'madzi kuti thupi lizizire amati akuchita dipi. Chizungu chimenecho. A Steward ankaitana ife anthu kuti tidzasambe, ndipo ndikukayika ngati mowa utawachoka ankakumbukira n'komwe kuti anatiitana.

Anatuluka m'nyumba ndi mfuti yawo yophera nguluwe, n'kupeza alendo awo akuwaseka. Ndikhulupirira kuti chinawapsetsa mtima kwambiri ndi chiseko chimenecho, osati penti.

Phuu! Ng'ombe ya a Darius, pamphumi penipeni. A Darius anali ataigwira nyanga, magazi anawathira kumaso. Phuu! Ina yaikazi ya bere. Madzi aja oyera anasanduka psuu. Amayi anabalalika akukuwa, ng'ombe zimene zinali pamtunda zinathyola mpanda wa maluwa. A Steward anathira zipolopolo zina n'kuyenda kupita kozama kumene kunali Bantomu. Alamu anu kusambira sadziwa. Koma anadziponya kozama komweko, anagwira khosi la Bantomu n'kudzikoloweka pakati pa ng'ombe ndi mfuti, akumeza madzi, akukuwa, "Adada, ndimwe mwanena! Adada, lasani ine!"

"Chosanimo chitsilu ichi!" anatero a Steward.

Amuna awo awiri a palole, amene anathamangira kumeneko atamva mfuti, anawakola alamu anu ndi chingwe m'khosi n'kuwakokera kumtunda ngati thumba. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, achimwene. Anthu oti tinkadya nawo limodzi paganyu, tsiku limenelo sanatidziwe. Wina anatenga paipi ya madzi, wina chitsulo chopalira penti, chomwe chija alamu anu anagwiritsa ntchito mwezi wonse. Anawamenya kumsana, m'nthiti, m'mutu. Akagwa ankawadzutsa. Ine ndinagwira mwendo wa mmodzi, anandiponda pachifuwa, ine n'kukagwera uko. Ndinagwada kwa a Steward, ndinawatchula bambo, ndinawatchula bwana, ndinawauza kuti titsuka, tipala, tigwira ntchito yaulere mpaka kukolola. Sanandiyang'ane n'komwe.

Anaona botolo lija linatsala. Analitola, anawerenga, n'kutsegula. "Mugwileni mutu." Amuna aja anawagwira tsitsi alamu anu n'kuwayang'anitsa kumwamba.

"Unafuna dipi? Iyi dipi!"

Mankhwala osasungunula, achimwene, oti kadontho kakagwera pakhungu umathamangira sopo. Anawakhuthulira m'maso botolo lonse. Kulira kumene analira mwamuna wanga sindingakulembe. Sindinamvepo munthu wamkulu akulira choncho, ndipo ndikamatseka maso ndimakumvabe.

Mudzamva zambiri kwa anthu, ena akuti anali a Darius, ena akuti mudzi wonse. Imvani kwa ine. Amene anamenya a Steward ndine, mlongo wanu Olipa. Panali fosholo pamulu wa mchenga umene ndinatuta ndekha. Ndinaigwira ndi manja awiri n'kuitsitsa ndi mphamvu zonse zimene amayi anandiyamwitsa. Ndinkafuna mutu. Anatembenuka, ndiye inasenga khutu n'kutera paphewa, fupa linalira. Anagwa chogwada, mfuti inagwera m'madzi. Ndinakwezanso kachiwiri, koma a Darius anandigwira kumbuyo. Sindikupepesa. Mukadzabwera mudzandikalipire za zina, koma za fosholo ayi.

Kuchokera pamenepo kunali nkhondo. Amuna a m'mudzi, ataona mfuti yamira, anatuluka m'dziwe ndi zikoti zokusira ng'ombe ndi tinkhwangwa tawo ta paphewa. Amuna a palole aja anakwapulidwa mpaka malaya kung'ambika, wina anathawira pansi pa lole akutuluka magazi m'kamwa. Miyala inagwa pamawindo. Mayi wa chipewa uja chiseko chinamuthera, anadzitsekera m'galimoto akukuwa. Mlonda wokalamba uja, amene ankayesa kuleretsa, anamenyedwa ndi mbali zonse ziwiri, mano awiri anatsala pansi. Ine zonsezo ndinkaziona ndi m'mbali mwa diso, chifukwa ndinali nditawakokera alamu anu pampopi, ndikuwatsanulira madzi m'maso, iwo akuphiriphitha.

Ndipo mukudziwa chimene ankafunsa? Osati maso awo, osati ine. "Bantomu watuluka? A Nyabanda, Bantomu watuluka?"

A Darius, munthu woti ng'ombe yake inali itafa kale, ndiye anazula chitseko cha mosungira katundu n'kuchiyala pamasitepe, pamwamba anaponyapo masaka a thonje. Zamoyo zinayamba kukwera imodziimodzi. Bantomu anatuluka pomalizira, mawondo osupuka, miyendo ikunjenjemera, koma wamoyo. Ndinawatengera dzanja alamu anu n'kuligwiritsa pamphuno pake. Anasiya kukuwa. Bantomu yemweyo, atatopa choncho, tinamumanga pagoli ndi kang'ombe kena kakakazi, ndipo ndiye anakoka ngolo imene inawanyamula mpaka kumsewu kumene tinapeza galimoto ya ku boma.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Ndinati maso tapereka, nthiti tapereka, ng'ombe tapulumutsa.

Khirisimasi itadutsa kunabwera alamu anga aakulu a Ezron, mkulu wawo wa a Haswell. Anandiitanira panja pa wodi, pansi pa mtengo wa mango, ndipo sankandiyang'ana kumaso. Anati a Steward abwerako kumene anakawasoka khutu, ndipo atumiza mawu. Mabanja onse amene analowetsa ng'ombe alipire penti, kaya ndi mbuzi, kaya chimanga, kaya ntchito. Koma kwa ife akufuna Bantomu. Tikakana, nkhani ya fosholo ipita kupolisi.

"Nanga maso a mng'ono wanu?" ndinafunsa. "Nanga ng'ombe zimene anawombera? Zimenezo alipira ndani?"

"Alamu, munalowa mumpanda wa mwini. Ndipo inu ndinu wa ku Malawi, mapepala okhalira kuno mulibe. Mukamangidwa, wodwalayu amudyetsa ndani? Ennie atsala ndi yani?"

Ndinawatukwana, Mulungu andikhululukire, munthu wamkulu wopanda chifukwa. Koma pothawira ndinalibe, ndinavomera. Kenako ndinalowa m'wodi n'kuwauza alamu anu kuti ndikupita kumudzi kukaona mwana ndi kukatenga ufa.

Amuna a palole aja anabwera m'mawa mwake, wina bandeji pamutu. Bantomu anawakana. Anakoka chingwe, iye anakhazika miyendo pansi. Anamukwapula ndi paipi pamsana, pamphuno, m'maso. Anamupotokola mchira mpaka unathyoka, iye kumangolira akuyang'ana kunyumba. Ennie anali pakhomo atagwira m'makutu. Ine ndinapirira, ndinapirira, kenako ndinati, "Musiyeni, agalu inu! Bweretsani chingwecho." Ndinangomuitana dzina, n'kumusisita pakhosi monga amachitira mwini wake. Ananditsata bwinobwino, achimwene. Njira yonse mpaka kufamu sindinakoke chingwe ngakhale kamodzi.

Dziwe lija tinalipeza louma, makoma ali zikandezikande, amuna a m'mudzi mwathu ali m'kati akupalanso penti, a Darius pakati pawo. Atationa anaweramitsa mitu. A Steward anali pampando pamthunzi, mkono uli m'nsalu. Pambali pawo panali munthu wa butchala wa ku boma, atabwera kale ndi nkhwangwa ndi mabeseni. Ine ndinkayesa kuti akufuna ng'ombe yolimira, kuti mwina tsiku lina tidzaiwombola. Ayi, ankafuna nyama yoti igulitsidwe msanga, agule penti.

Ndinati ndisiye chingwe ndizipita. A Steward anati, "Iyayi. Agwile eve wamene adziwa kumenya."

Ndinagwira. Nkhwangwa yoyamba sinamugwetse. Anagwada ndi miyendo yakutsogolo n'kudzukanso, akukokera kwa ine, mutu wake unandigunda pamimba monga amachitira akafuna mchere. Yachiwiri ndiyo inamumaliza. Magazi anayenderera pasimenti mpaka kutsikira m'dziwe, pomwe amuna aja ankapala.

A Steward anamufunsa wa butchala uja kuti nyama ingakwane zingati, anawerengera chamumtima, kenako anandiyang'ana. "Iyi yakwana chipupa chimozi chabe. Vinangu vitatu nakukhululukilani, chifukwa ndine Mkhristu."

Khoma limodzi, achimwene. Zaka zonse za m'chigafa zija, khoma limodzi la buluu.

Ndinasamba pachitsime cha panjira, ndinatenga ufa, ndinabwerera kuchipatala. Ndisanakhale n'komwe pansi, alamu anu anamva mapazi anga. "A Nyabanda, mwamupeza bwanji Bantomu?"

Ndinati, "Ali bwino. Mawondo akupola."

Chiyambire tsiku limenelo ndikungowonjezera. Akafunsa ngati akudya, ndimati akudya. Akafunsa za nkhupakupa, ndimati zinagwa zonse, ndipo amaseka, amati ndiye kuti dipi inagwira ntchito. A Ezron ndi a Darius akabwera kudzazonda ndimawapeza kaye panja kuti asalakwitse. Ennie sindikumulola kubwera, mwana sadziwa kunama. Adokotala akuti diso lakumanzere latha, koma lakumanja mwina liona. Sabata yamawa achotsa nsalu, ndipo akaona kuti zili bwino atitulutsa tipite kumudzi.

N'chifukwa chake ndalemba. Bwerani, achimwene, chonde bwerani lisanafike tsikulo. A Justina akubwerera kuno Lachiwiri, mutha kudzera nawo limodzi, njira akuidziwa. Sindikupempha ndalama. Ndikufuna mudzaime pambali panga pamene alamu anu adzafike pakhola paja. Kumenyedwa sindikuopa, munthu uja sanandikwezerepo dzanja, ndipo akanati andimenye mwina ndikanapepukidwa. Ndikuopa kuti adzangokhala pansi osadzukanso. Inu amakumverani, mumatha kuwaseketsa. Mufunsenso m'maesiteti ngati chaka chamawa adzafune matenanti, ngakhale a diso limodzi. Amayi mungowauza kuti alamu anu anagwa panjinga.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa ana onse, ndi kwa azakhali ngati miyendo ikuwalolabe kufika kwanu. Ennie wakula, akuti amalume adzamubweretsere nzimbe.

Ndinalekeza kaye apa chifukwa alamu anu anadzuka n'kundiitana. Amva pepala likulira, andifunsa kuti ndikulembera yani. Ndawauza kuti ndi inu, ndipo akondwa kwambiri. Akuti ndilembe mawu awo momwe akunenera, ndiye nawa: "Alamu, monire. Musadandaule za ine. A Steward anawombera ziwiri koma wathu uja anapulumuka. Diso limodzi likwanira kuongola mzere, Bantomu munda amaudziwa yekha. Mukabwera mudzamuone mmene wasalalira."

Ndalemba monga anenera. Panopa agonanso, akumwetulira pansi pa nsalu zija.

Achimwene, mundipempherere, chifukwa ine mapemphero anga asokonekera. Chiwagonekere muno ndakhala ndikugwada pakhonde pano kupempha Mulungu kuti mwamuna wanga aone. Dzulo ndinadzimva ndi pakamwa pangapa ndikupempha kuti achedwe.

Ndine mlongo wanu,

Olipa Nabanda.